Funsani Ankolo: Kukanapanda Cashgate, amayi akanawina?

Mwezi uno a zamaukwati ndi a ngongole za banki mkhonde mundikhululukire, makalata anu ndawaona ndipo ndiwayankha ulendo wamawa. Kaya ndi kuthimathima kwa magetsiku komwe kukukupatsani nthawi yoganiza zakale kaya ndi chani, koma anthu angapo osadziwana mwandilembera pa nkhani imodzimodzi, ija ya "zikanakhala kuti", nde ndati tingothana nayo lero.

Ankolo, ine ndi mlamu wanga sitikuyankhulana bwinobwino chifukwa cha ndale zakalekale. Tinali pa chinkhoswe cha mphwathu ku Area 25 nde mlamuyo anayamba zoti amayi Joyce Banda anagwetsedwa ndi Cashgate basi, nkhani ija ya kubedwa kwa ndalama za boma mu 2013, eti kukanapanda zija za ku Capital Hill bwenzi atawina 2014 mosavuta ndipo zonse zinabwera pambuyo, za tipeksi, mademo, chisankho chobwereza, sitikanaziona. Ine ndinati ayi alamu amayi aja akanagwa ndithu olo tambala imodzi ikanapanda kusowa. Anandinena kuti ndine kadeti pamaso pa apongozi. Tiweruzeni. Wogulitsa masipeyala, Lilongwe

Achimwene, choyamba pitani mukapepesane ndi alamu anuwo. A ndale amene mukuwakanganiranawo akakumana pamaliro amapatsana moni nkumaseka, inu nde mudane pa chinkhoswe? Koma poti mwati ndiweruze tiyeni tiyambe ndi masamu.

Pa chisankho cha pa 20 Meyi 2014 a Peter Mutharika anapeza mavoti 1,904,399, omwe ndi 36.4 peresenti. A Lazarus Chakwera 27.8, amayi 20.2, a Atupele Muluzi 13.7. Mavoti a amayi anali 1,056,236. Chotserani nokha pafoni yanuyo mupeza kuti mpata unali oposa 848,000. Pulezidenti ali pampando, wailesi ya boma ili mmanja mwake, magalimoto a boma, mafumu akumuvinira, koma kuthera pa nambala 3, osatinso 2. Kuti awine pamafunika anthu oposa 424,000 achoke kwa a Mutharika nkupita straight kwa amayi, ndipo apo nkuti angowapitirira pang'ono chabe a Chakwera. Nde funso lomwe alamu anu akuyenera kuyankha ndi lakuti anthu 424,000 amenewo amakhala kuti? Ku Thyolo? Ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu? Kumeneko anthu anali akulirabe Bingu, ndipo atawamanga a Peter mu Malichi 2013 pa mlandu woukira boma, mwezi wotsatira nkusankhidwa kukhala mtsogoleri wa DPP, chisoni chinangowonjezekera. Munthu wa ku Goliati sanadikire Cashgate kuti adziwe pochonga.

Chigawo chapakati nachonso chimodzimodzi. MCP ili ndi mavoti ake omwe sasuntha olo kugwe mvula ya matalala. A John Tembo mu 2004 anapeza cha mma 28 peresenti, mu 2009 cha mma 30 atagwirizana ndi UDF, a Chakwera mu 2014 anapeza 27.8. Mukuona? Abusa sanalandire mphatso yaikulu kuchokera ku Cashgate, anangotola zomwe tambala amatola nthawi zonse ku Lilongwe, Dowa, Kasungu, Mchinji, Dedza ndi Ntchisi. Komanso anasankhidwa kutsogolera MCP mu Ogasiti 2013, nkhani ya Cashgate isanaphulike, nde chimwemwe cha nkhope yatsopano mchipanimo chinalipo kale. Kum'mawa nako, komwe amayi akanayembekezera kuti ndi kwawo poti ndi a ku Zomba, kunali Atupele atagwira Mangochi ndi Machinga. Amayi anatsala ndi kumpoto, komwe anachitadi bwino, koma kumpoto anthu ndi ochepa, sungalowere nako ku State House pawekha.

Tsopano anthu amaiwala mmene zinthu zinaliri Sepitembala wa 2013 asanafike. Amayi analowa pa 7 Epulo 2012 Bingu atamwalira pa 5, ndipo miyezi yoyambirira anthu anawakonda zedi, tisanamizane. Mafuta anabwerera mma filling station, mizere ya zigubu inatha, mbendera ya dzuwa lotuluka inabwerera, ubale ndi Britain unakonzedwa, anakana kulandira Omar al-Bashir mpaka msonkhano wa African Union unasamukira ku Addis Ababa. Koma mu Meyi 2012 momwemo anagwetsa kwacha, dola yomwe boma limati ndi K168 inadzuka ili K250, kenako anaisiya kuti iziyenda yokha pamsika. Azachuma ankati panalibe kuchitira mwina ndipo ine ndimagwirizana nawo, koma mayi wogula sopo ndi mchere pa hawker sawerenga malipoti a IMF. Pofika kumayambiriro kwa 2013 kukwera mitengo kwa zinthu kunali kutadutsa 30 peresenti, mu Januwale kunali mademo a CAMA, mu Febuluwale ogwira ntchito m'boma ananyanyala, azimayi ndi ana kumbuyo amagona pa ADMARC kudikira chimanga. Zonsezi Cashgate isanamveke nkomwe.

Ndiye pali nkhani ya chipani. PP inabadwa 2011 amayi atachotsedwa mu DPP, inalibe mizu mmidzi, ndipo itangolowa m'boma aphungu ndi nduna za Bingu anakhamukirako ngati ntchentche pa mango akupsa. Anthu otere amabwera ndi njala yawo osati mavoti. Kenako posankha running mate amayi anawasiya a Khumbo Kachali, omwe anali wachiwiri wawo, nkutenga a Sosten Gwengwe poganiza kuti mnyamata wa ku Dedza awabweretsera achinyamata ndi chigawo chapakati. A Gwengwe analuza ndi mpando wawo womwe wa uphungu, a Kachali nkukwiya mpaka kumapeto kwa kampeni anauza anthu kuti avotere a Mutharika. Chisankho chimenecho sichinapangidwe ndi akuba a ku Capital Hill, anapanga okha amayi.

Koma alamu anu sakunama zonse ayi, apa nde muwapatse ulemu wawo. Cashgate inawalanda amayi zinthu ziwiri zomwe anali nazo zenizeni. Choyamba ndi dzina loti uyu ndi wosiyana ndi azibambo aja. Dzina limeneli linafa usiku wa pa 13 Sepitembala 2013 pomwe a Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, anawomberedwa pageti la nyumba yawo ku Area 43, masiku omwewo apolisi akupeza mamiliyoni mmabuti a galimoto ndi mnyumba za makalaliki omwe malipiro awo samakwana ndi lendi yomwe. Chachiwiri ndi ndalama. Maiko otithandiza, omwe nthawi imeneyo amathira pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, anaimitsa madola pafupifupi 150 miliyoni, miyezi sikisi chisankho chisanachitike. Boma lopita ku chisankho lili ndi matumba obooka, mankhwala kusowa mzipatala, malipiro kuchedwa. Amayi anachotsa nduna zonse pa 10 Okutobala, a Ken Lipenga a zachuma ndi a Ralph Kasambara a zachilungamo sanabwererenso, koma madzi anali atatayika. Lipoti la Baker Tilly litatuluka mu Febuluwale 2014 nkunena kuti K13.6 biliyoni inasowa mmiyezi sikisi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013, kampeni ya otsutsa inalembedwa yokha, sanavutike nkuganiza.

Nde chigamulo changa nchakuti: popanda Cashgate amayi akanatha kukwera kufika cha mma 27 kapena 30 peresenti, makamaka ndi mavoti a mtauni ndi a anthu oyandama aja omwe anapita kwa a Peter chifukwa cha running mate wawo Saulos Chilima kapena kwa Atupele chifukwa cha unyamata, ndipo mwina akanakhala nambala 2. Kuwina, ine ndikukaika kwambiri. Awa ndi maganizo anga chabe, palibe anavotako mu Malawi winayo kuti atiuze.

Chinanso muwafunse alamuwo: akamati "kukanapanda Cashgate" akutanthauza kuti ndalama zikanapanda kubedwa, kapena akuba akanapanda kugwidwa? Chifukwa njira yake inali yakale. Munthu amalowa mu IFMIS, sisitimu ya pakompyuta yolipirira zinthu za boma, nkulemba kuti kampani yakutiyakuti yapereka katundu pomwe sinapereke ndi msomali womwe, cheke nkutuluka, nkukatapa ku banki, kenako nkufufuta zonse mkompyutamo. Kafukufuku wa PwC anadzapeza K577 biliyoni yosalongosoka mmabuku a boma kuyambira 2009 mpaka 2014, nambala yomwe pambuyo pake inatsitsidwa kufika K236 biliyoni. 2009 amayi sanali pulezidenti. Khoswe anakhala pamkhate kalekale, chomwe chinachitika nthawi ya amayi nchakuti makoswewo anayamba kulumana okhaokha mpaka mfuti inalira.

Ankolo ndili Fomu 4 ndipo aphunzitsi a History anatiuza kuti mawu oti Cashgate, Maizegate ndi ena onse a gate anachokera ku America kwa pulezidenti wina amene anatula pansi udindo. Zikanakhala kuti iyeyo sanagwidwe bwenzi zitatha bwanji? Mtsikana wa ku Chinamwali

Aphunzitsi ako akunena zoona mwana wanga, ndipo palibe geti lililonse pankhaniyi kkkk. Watergate ndi dzina la nyumba zina ku Washington momwe munali maofesi a chipani cha Democratic. Pa 17 Juni 1972 anthu asanu anagwidwa atathyola mmenemo, ndipo zinadzadziwika kuti anali olumikizana ndi kampeni ya pulezidenti Richard Nixon wa Republican. Chodabwitsa nchakuti chaka chomwecho mu Novembala Nixon anawina mma state 49 mwa 50, kutanthauza kuti kuthyolako kunali kopanda ntchito, munthu anakaba nkhuku khola lake lili lodzaza. Chinamugwetsa ndi kubisa, ndi matepi omwe ankajambula yekha mu ofesi mwake. Anachoka pampando pa 9 Ogasiti 1974.

Akanapanda kugwidwa akanamaliza teremu yake mu Januwale 1977 basi, poti malamulo awo salola kachitatu. Wachiwiri wake Spiro Agnew anali atagwa kale mu Okutobala 1973 pa mlandu wina wa ziphuphu ndi misonkho, nde Gerald Ford, yemwe analowa mmalo mwa Agnew nkudzakhala pulezidenti Nixon atachoka, akanakhalabe wachiwiri koma mwina osalawako upulezidenti. Jimmy Carter, mlimi wa mtedza wa ku Georgia yemwe anthu ambiri samamudziwa, anawina 1976 chifukwa anthu anali atatopa ndi mabodza a ku Washington ndipo iye amalonjeza kuti sadzawanamiza, komabe anangowina mwapang'ono, 297 kwa 240 pa mavoti a ma elector, nthumwi za ma state zomwe zimasankha pulezidenti kumeneko, Ford atalemedwa ndi mlandu wokhululukira Nixon. Ndiye popanda Watergate nkutheka Carter sitikanamumva nkomwe.

Pomwe pamakoma mpakuti aliyense amene akanawina 1976 akanakumana ndi zomwe Carter anakumana nazo, kukwera kwa mafuta mu 1979, mizere pa filling station ngati yathu ija, mitengo kuthamanga, chipwirikiti cha ku Iran. Tiyerekeze anawina ndi Ronald Reagan, yemwe chaka chimenecho anatsala pang'ono kumulanda Ford tikiti ya chipani. Bwenzi mavuto onsewo atagwera iyeyo, 1980 anthu nkumuthamangitsa, ndipo Reagan amene aku America ena amamutamanda mpaka lero bwenzi akukumbukiridwa ngati wolephera. Nthawi zina kuluza chisankho chabwino nkupulumuka.

Ukafuna chitsanzo choti manyazi a pulezidenti anasinthadi chisankho, tenga cha chibwenzi cha Bill Clinton ndi Monica Lewinsky chomwe chinaululika mu 1998. Clinton anapulumuka ku Senate, koma wachiwiri wake Al Gore poima mu 2000 ankamutalikira pa kampeni ngakhale chuma chinali chikuyenda bwino, ndipo analuza Florida kwa George W. Bush ndi mavoti 537 okha, upulezidenti nkupita pomwepo. 537 ndi anthu osadzadza ndi holo ya pasukulu panu. Pamenepo ukhoza kunena molimba mtima kuti popanda nkhani ija zinthu zikanatembenuka. Yerekeza ndi 848,000 ya amayi ija. Werenga bwino mayeso ali pafupi.

Ankolo tiyeni tingovomera kuti amayi anawina 2014, mwanjira iliyonse. Ine chomwe ndikufuna kudziwa ndi za kutsogolo kwake, 2019, Tonse, 50+1, zikanakhalapo? Ife kuno timakangana za izi Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi. Mayi wa ku Nkhata Bay wokhala ku Johannesburg

Mayi, funso lanu nde lokoma kuposa onse, chifukwa mukasuntha njerwa imodzi ya 2014 khoma lonse la zaka khumi limasintha.

Yambani ndi a Peter. Anali ndi mlandu woukira boma kukhothi, wa zomwe zinachitika masiku atatu aja Bingu atamwalira, ndipo mlanduwo unazima atalowa ku State House. Akanaluza bwenzi akuyendera makhothi ali ndi zaka 74, ndipo DPP kunja kwa boma zaka zina zisanu, nduna zakale zija zomwe zinazolowera ma Prado, sindikhulupirira kuti ikanakhala yamphumphu. Kenako a Saulos Chilima. Iwo anachoka ku Airtel kudzakhala running mate, analibe constituency, analibe udindo wakale mchipani. Chilima amene tinamudziwa, wodzudzula boma ali mkati momwemo, wochoka mu DPP mu Juni 2018 nkukakhazikitsa UTM pa Masintha mwezi wotsatira, anapangidwa ndi mpando wa wachiwiri kwa pulezidenti. Running mate woluza kuno kwathu amaiwalika msanga, tandiuzeni mwachangu amene anaima ndi Atupele mu 2014? Mwayamba mwaganiza kaye eti. Anali a Godfrey Chapola.

Tsono popanda UTM chisankho cha 2019 sichikhala cha mahatchi atatu aja, 38.57 ya a Mutharika, 35.41 ya a Chakwera ndi 20.24 ya a Chilima. Ndipo 50+1, yoti wowina azipeza mavoti oposa theka, musaiwale kuti aphungu anaikana mu Disembala 2017, inalowera pakhomo la khothi, pa chigamulo cha majaji asanu cha pa 3 Febuluwale 2020, chomwe Supreme Court inachivomereza mu Meyi. Khothi siliyenda mmisewu kusaka milandu, pamafunika wodandaula, ndipo odandaulawo anali a Chilima ndi a Chakwera pa mpata wa mavoti pafupifupi 159,000. Ngakhale wapampando wa MEC akanatha kukhala wina, poti a Maxon Mbendera atamwalira mu 2016 amene anasankha a Jane Ansah ndi pulezidenti wa nthawiyo. Nde nkutheka ndithu kuti mpaka lero bwenzi tikulamulidwa ndi munthu wa 35 peresenti, ndipo Tonse Alliance, yomwe inabadwa chifukwa lamulo linawakakamiza kugwirana manja, sikanakhalapo.

Koma musaganize kuti zisankho zathu zikanakhala zoyera poti kulibe tipeksi. Cha 2014 chomwecho chinali chisokonezo, zipangizo kuchedwa mu Blantyre, anthu kuotcha malo ovotera, makina otumizira zotsatira kufa, amayi eni ake kulengeza pa 24 Meyi kuti chisankho chathetsedwa kudzakhala china pakatha masiku 90, khothi nkuwakaniza, a Mbendera nkulengeza zotsatira pa 30 Meyi akugwetsa misozi. Matendawo analipo kale.

Ndipo amayi akanalandira chani pa teremu imeneyo? Madzi osefukira a Januwale 2015 ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi kwina. Chilala cha 2016 chomwe chinasiya anthu oposa 6 miliyoni akufuna thandizo la chakudya. Kuzima kwa magetsi kwa 2016 ndi 2017 madzi atatsika mu Shire. Mvula sifunsa kuti ku Kamuzu Palace kuli ndani. Kusiyana kwake nkwakuti popanda Cashgate thandizo la bajeti likanakhalapobe, pomwe a Goodall Gondwe anachita kupanga bajeti yosadalira thandizolo nkumakongola mmabanki a mdziko momwemuno. Zikanapepukako, koma ndikuona 2019 amayi akufika atatopa, aphungu aja omwe anabwera ndi njala atayamba kale kusuzumira kwina, ndipo mwayi waukulu ukanakhala wa MCP yomwe ikanakhala ikudikira ndi 28 yake ija, kumwera kutagawika patatu pakati pa PP, DPP ndi UDF. Mwina a Chakwera akanalowa chaka chimodzi msanga, opanda Tonse, opanda ngongole kwa aliyense.

Koma ine nkhani yomwe imandisangalatsa kwambiri si yoti amayi anawina, ndi yoti anathera pa nambala 2 dzina lawo lili loyera. Sakanachoka mdziko muno zaka zinayi mpaka Epulo 2018, PP yomwe inapeza aphungu 26 okha ikanakhala ndi ochulukirapo ndipo sikanasungunuka ngati mchere mmadzi, anthu ngati a Sidik Mia, omwe anali nduna ya amayi nkudzakhala running mate wa a Chakwera mu 2019 nkuwatsegulira khomo ku Lower Shire, mwina akanatsata njira ina. A Chakwera pa nambala 3, akuluakulu a MCP aja akanawasiya mbusa wongobwera kumene kuti ayeserenso? Mu 2019 mmalo moti amayi asiye kuima nkuthandiza abusa, mwina bwenzi abusa ndi amene akupempha malo kwa amayi. Kakambiraneni imeneyo Lamulungu likubwerali.

Ankolo ise kuno ku Zambia tinali naye Banda wathu, Rupiah, nayenso analowa pa maliro ndipo anthu anamuchotsa. Simuona kuti vuto ni mpando wa pamaliro osati ma scandal? Wa ku Chipata

Achimwene a kutsidya kwa Mwami, mwaponya mwala pabwino. A Levy Mwanawasa anamwalira mu Ogasiti 2008, a Rupiah Banda anawina chisankho chapadera mu Okutobala ndi mavoti pafupifupi 35,000 okha pamwamba pa a Michael Sata, ndipo mu Sepitembala 2011 a Sata anawagwetsa ngakhale kopa amagulidwa bwino ndipo chimanga chinali chodzaza. Kumeneko kunalibe chinthu chachikulu ngati Cashgate, ngakhale kumasulidwa kwa pulezidenti wakale a Frederick Chiluba pa milandu ya katangale mu 2009 kunawadetsa ndithu. Anthu anali atangotopa ndi MMD patatha zaka 20.

Nde inde, wolowa pamaliro amakhala ndi nthawi yochepa, amalandira ngongole za malemu ndipo abale a malemu amamuona ngati wolanda chuma chamasiye. Kwa amayi zinali zoipirapo chifukwa a Rupiah anatengera chipani cha malemu ndi makina ake onse, pomwe amayi chipani cha malemu chinali mdani wawo woyamba. Kungoti lamulo lanulo lili ndi bowo, a Edgar Lungu nawonso analowa pamaliro a Sata koma anawina 2015 nkuwinanso 2016. Apatseni moni a ku Kapata market.

Ankolo ine ndinali namwino nthawi imeneyo ndipo zimandinyansa anthu akamakamba Cashgate ngati mpira, kuti akanawina ndani akanaluza ndani. Tinkauza odwala kuti akagule okha mankhwala ndi magolovesi. Ndale zanuzo zili ndi phindu lanji? Mayi wopuma ntchito, Kasungu

Mayi, mwandigwira pakhosi ndipo sindikutsutsani. Ndalama zija zinali za panado, za mafuta a ambulansi, za choko. Anthu ena analowadi mndende, a Treza Senzani omwe anali mlembi wamkulu ku unduna wa zokopa alendo anali oyamba mu 2014, a Oswald Lutepo anapatsidwa zaka 11, a Kasambara zaka 13 pa chiwembu chofuna kupha a Mphwiyo, a Mphwiyo eni ake nkudzamangidwanso pa nkhani ya ndalama zomwezo. Amayi Joyce Banda akhala akukana kuti sizikuwakhudza ndipo palibe khothi linawapezapo olakwa, izi ndiyenera kunena poti ena mumalemba ngati munali ma jaji.

Chifukwa chomwe ndimavomerabe kuyankha mafunso a "zikanakhala kuti" nchakuti amationetsa chomwe ife ovota timalanga ndi chomwe timakhululuka. Mu 2018 kunatuluka nkhani ya K145 miliyoni yomwe inalowa mu akaunti ya DPP kuchokera kwa wamalonda wa kontirakiti ya chakudya cha apolisi, a Mutharika anakana kuti sanalakwe ndipo ACB inadzati sanapindulepo paokha, koma phokoso linali lalikulu, chikhalirecho chaka chotsatira mavoti awo a kumwera sanasunthe. Nthawi ya a Chakwera kunali nkhani ya ziphuphu yokhudza wamalonda Zuneth Sattar, mpaka a Chilima kumangidwa mu Novembala 2022 milandu nkudzathetsedwa mu Meyi 2024, koma pa 16 Sepitembala 2025 abusa atagwa ndi 33 peresenti, a Mutharika nkubwerera ndi pafupifupi 57, inu mukuganiza kuti anthu amaganiza za Sattar? Kwacha inali itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu 2022 ndi 44 mu Novembala 2023, mafuta kusowa, shuga kusowa.

Ine tsiku limenelo ndinaima pamzere kuyambira mmamawa, kutsogolo kwanga kunali azimayi awiri ndi bambo wina wa kabaza, ndipo ndinatchera khutu dala poti ntchito yanga ndi imeneyi. Anakamba za mtengo wa thumba la feteleza, za botolo la mafuta ophikira lomwe pano amagula la kachubu, za mwana amene wabwezedwa fizi. Bambo wa kabaza uja anatchulako zakuba kamodzi kokha, anati onse ndi akuba koma ena amaba chimanga chili chotchipa, azimayi aja nkuseka, mzere nkusuntha.